Ng'ombe ya Miyendo Iwiri ya kwa Kalumphe

Pa ntchito yangayi ndaonapo mbuzi yakuba itavekedwa jekete n'kukwezedwa pa njinga ngati wodwala wopita kuchipatala, koma ng'ombe ya miyendo iwiri ndinakaionera kwa Kalumphe, mudzi wa kummwera kwa Katete, chakunjira ya ku Chanida. Ine ndine Sajeni Ottilia Daka. Tsiku limenelo ndinasiya tiyi pa tebulo akufuka nthunzi, chifukwa mayi amene anandiimbira foni sanafune ndi moni womwe. Anangoti, "Fulumirani, kuno apha munthu," n'kudula.

Njinga yanga yamoto ndi nkhalamba, koma ikamva fungo la mlandu imathamanga. Ndinalowa m'mudzimo fumbi lili koboo kumbuyo, nkhuku zikubalalika, ndipo ndinapeza munthuyo akadali moyo. Anali atam'mangirira ku mtengo wa mango ndi chingwe cha ng'ombe, mlomo utatupa, diso limodzi litatsekeka. Anyamata anali atamuzungulira ndi zibonga, ndipo mmodzi ananyamula botolo la petulo. Zibonga ndinazizolowera, koma botolo lija linandinyansa.

"Iwe wa botolo, bwera nalo kuno," ndinatero. "Njinga yanga ili ndi ludzu."

Anabwera nalo akuyang'ana pansi. Ndinathiradi petuloyo mu thanki onse akuona, ndipo ena anaseka. Anthu akaseka, manja amayamba afewa kaye.

Womangidwayo anali Simoni, bambo wa ku Mozambique amene anabwera kalekale kudzaweta ng'ombe za amayi Rebecca, amasiye olima thonje omwe mudzi wonse umawatcha aNankhoma. Dzulo lake masana ng'ombe yawo yapagoli, yofiira, yotchedwa Sitima, inasowa kudambo. Mnzake wa pagoli, Lole, anabwerera kukhola yekha akulira.

"Mwachedwa, a Sajeni. Mlandu tauzenga kale."

Amene ananena izi anali Samson, wapampando wa gulu loteteza mudzi, lija anthu amangoti aneba. Anali wamtali, wa mawu okhala ngati akulengeza zapamaliro, ndipo analinso mkamwini wa aNankhoma. Anakwatira mwana wawo Lydia n'kumanga nyumba kuseri kwa khola.

"Ngati mwazenga kale, ine mwandiitaniranji?"

"Ife sitinakuitaneni. Koma poti mwabwera, munyamuleni wakubayu akaole kundende. Mukachedwa naye pano, anyamatawa ine sindiwagwira."

"Umboni uli kuti?"

"Kwawo ndi kutsidya kwa malire, ndipo ng'ombe zonse zobedwa kuno zimalowera komweko. Ndiye palinso ichi."

Anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi chachitali ngati lamba. Chinayambira kumtengo wa mkuyu, n'kudutsa munda wonse wa thonje loyera mbee, mpaka kukathera kuphiri. Kumalire kwa mundawo kunali kanjira, ndipo m'kanjiramo munali chinthu chofiira. Mutu unalipo, mchira unalipo, koma mimba panalibe. Miyendo inali iwiri yokha. Kutsogolo kwake kunali kamzere kakuda koimirira ngati mtengo wa mpanda, kovala jombo imodzi.

"Anajambula ndi mlangizi wa thonje dzulo, osadziwa," anatero Samson. "Mankhwala a kutsidya awa. Ng'ombe anaipinda ngati mphasa, mwini wake n'kudzisandutsa ndodo kuti asadziwike."

Ine ndine mayi wa Chigwirizano, ndipo zamankhwala ndimaziseka. Koma ndisaname, thupi linachita tsembwe.

*

ANankhoma ndinawapeza kuseri kwa nyumba yawo, atakhala pa mphasa moyang'ana khoma. Anali mayi ojintcha, a manja olimba, amene ndinamva kuti akakalipa kudimba mawu amafika kumsewu. Tsiku limenelo mawu awo anali ngati a munthu wodwala malungo.

"Bwanji simuli kubwaloko, amayi? Ng'ombe ndi yanu."

"Kuli atate ake a Mayamiko."

Mayamiko ndi mdzukulu wawo, mwana wa Lydia ndi Samson. Apo ndinazindikira kuti ndalowa m'banja la mwambo wakale, uja mpongozi ndi mkamwini saonana maso, satchulana dzina, sadyera pamodzi. Masiku ano ena amakwera njinga imodzi ndi apongozi awo, chiuno chogwirana, koma kwa aNankhoma zimenezo zinali zisanafike. Tikulankhula choncho, Samson anayandikira pangodya ya nyumba n'kutsokomola kawiri. Mayiwo anaweramitsa mutu n'kukokera chitenje kumaso, ndipo Lydia anathamanga kudzaima pakati kuti azinyamula mawu kuchoka kwa mwamuna wake kupita kwa mayi ake, anthu otalikirana mikono iwiri yokha. Ndinamubweza Samson kubwalo.

"Dzulo masana munali kuti, amayi?"

"Kudimba. Ndinabwera ndi ndowa ya tomato dzuwa litapendeka."

"Munadzera njira iti?"

"Ya kumunda wa thonje. Ilipo ina ngati?"

"Munakumana ndi ndani?"

Anayamba kusosola ulusi wa mphasa. "Sindinaone munthu, mwanawe."

"Nanga Simoni, mukuti ndiye waba?"

"Ine sindinanene zimenezo. Anena ndi amuna. Chaka chatha Sitima atatupa mimba, Simoniyo anagona kukhola mpaka ng'ombe kudzuka. Amaimwetsa mankhwala ndi botolo ngati khanda."

"Ndiye pitani mukawauze am'masule."

Anangopitiriza kusosola mphasa. Lydia anali chiimire pafupi ndi nkhokwe, akupotokola nsonga ya mpango wake, ndipo atandifunsa ngati ndimwe madzi ndinawadziwa mawuwo. Anali aja a pafoni.

*

Simoni ndinamumwetsa madziwo asanandiyankhe chilichonse.

"Ng'ombe unazisiyiranji zokha?"

"Ndalakwa, mayi. Ndinaona una wa mbewa m'munda wa chimanga wokolola. Ndinati ndikumbe pang'ono, ng'ombe zikudya bwinobwino kudambo. Mbewa zake zinali zambiri, mayi, zonona. Ndinaiwala dzuwa."

"Anakuona ndani ukukumba?"

"Palibe."

"Mbewazo zili kuti?"

Analoza anyamata a zibonga ndi chibwano. "Anadya aneba. Anati ndi za mlandu."

Ndinafuna kuseka, koma diso lake lotupa lija linandiletsa. Mlandu wa kuba ng'ombe si wa masewera. Munthu amalowa ndende ali ndi mano onse n'kutuluka akutafunira mbali imodzi. Ndipo Simoni analibe malume kuno, analibe mlongo, analibe aliyense womuimirira. Mlendo ndiye amapalamula zonse, ngakhale mvula ikachedwa.

"Mayi," anatero motsitsa mawu, "ine Sitima sindingamugulitse. Akam'pha, khasu la pakhomo pano lathyoka. Lole yekha sangakoke pulawo."

Munthu womangidwa pamtengo, petulo atangomuphonya kumene, koma akudandaula za pulawo ya eni ake. Zinandikwiyitsa ndipo zinandimvetsa chisoni nthawi imodzi.

Ndinatembenukira kwa Samson. "Inu, wapampando, dzulo munali kuti?"

Anaseka mokweza kuti anyamata ake amve. "Mwayamba kufunsa alonda? Ndinali ku Sinda kuyambira mmamawa, pa njinga yanga yakapalasa. Ndinakagula mankhwala opopera thonje." Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi botolo, n'kuliika m'manja mwanga. "Ndinafika kuno ng'ombe itasowa kale."

Botololo linali lodzaza ndithu, losatsegula. Koma pa chitsekerero panali fumbi lokhuthala, ndipo ndinakumbukira munda wa pachithunzi uja, woyera mbee. Ine ndinakulira m'thonje ku Vubwi. Thonje likaphulika, chotsala n'kutola. Amene amapalasa njinga mpaka ku Sinda kukagula mankhwala a mbozi nthawi yotola ndani?

Ndisanafunse zimenezo, kunamveka njinga ina yamoto ikubwera mwaukali kuposa yanga.

*

Anatsikapo mtsikana wa chipewa chachikasu, nkhope itakwinyika. Anali Tabitha, mlangizi wa kampani ina yogula thonje, wokhala m'tauni ya Katete. Sanapereke moni kwa aliyense.

"Ndani wamene akamba ati pikicha yanga ni ya mankhwala? Ine ninatumila chabe munthu umodzi kuti tiseke, manje namvela ati mufuna kushoka munthu na petulo. Muli bwino imwe?"

Ndinamukokera pamthunzi wa nkhokwe. "Khazika mtima pansi, mwana wanga. Ndiuze, ng'ombeyi miyendo ina inapita kuti?"

Mkwiyo unatha pomwepo, maso n'kuwala. Anthu ena ukawafunsa za ana awo ndi pamene amasangalala, uyu unangofunika kumufunsa za foni. Anaitembenuza n'kundionetsa timaso titatu takuda kumsana kwake.

"Onani, madamu. Aka ni ka pafupi, aka ni ka patali, aka kapansi ndiye kotambalala. Kaoneka monga kanjere ka nsawa, koma mukati muli tumagalasi tambiri tosanjikizana, twina topindika, kuti kuwala kwa munda wonse kungene pa kamalo kang'ono. Manje olo kotambalala bwanji, munda wa thonje siungakwane. So nimaika pa panorama."

"Chimenecho n'chiyani?"

"Ni kujambula uku uzungulutsa foni. Nimakwela pa chulu, nagwila foni so, nayamba kuzunguluka pang'onopang'ono, kamuvi aka kanitsogolela. Foni siijambula kamodzi iyayi. Itenga tuzidutswa toonda, kamodzi kamodzi, ndiye itusoka pamodzi monga telala asoka zigamba. Kampani ifuna munda onse pa pikicha imodzi, kuti tizibe thonje izachoka yambiri bwanji."

"Ndiye ng'ombe?"

"Chinthu choimilila chichoka bwino. Mtengo, phiri, nyumba. Koma chinthu choyenda chisokoneza telala. Foni yatenga mutu, pofika pakuti itenge mimba, mimba yapita kudala. Isoka chabe mutu na mchila."

"Chilichonse choyenda chimafupika?"

"Iyayi. Ngati chiyenda kwamene niyendetsa foni, chitalika, chifukwa foni ichipeza kambiri. Chifupika ngati chibwela mokumana na ine."

"Dzulo unayambira kuti?"

"Nthawi zonse niyambila ku lefiti. Na dzuwa nimaiika kumbuyo, chifukwa ikangena mu galasi pikicha ichita mbuu."

Ndinaimirira n'kuyesa ndi thupi langa. Masana dzuwa litapendeka, ukaliika kumsana ndiye kuti wayang'ana kummawa. Dzanja lamanzere ndi kumpoto, lamanja ndi kummwera. Foni inayenda kuchoka kumpoto kupita kummwera, ndipo ng'ombe inafupika. Choncho Sitima sankapita ku Mozambique ayi. Ankalowera kumpoto, kumsewu wa tala, komwe kuli malole ndi mabutchala.

Ndinamugwira Tabitha paphewa mwamphamvu mpaka anadandaula. "Munthuyu sangaoneke nkhope?"

"Nayesa kudala. Kwasala chabe jombo na kamzele. Jombo za so aliyense ali nazo." Anatambasula chithunzicho ndi zala ziwiri, ndipo cha pafoni yake chinali chowala kuposa chotumizidwa chija cha Samson. Kanjira kanakula, udzu unaoneka umodziumodzi. Kamzere kaja kanakhalabe kamzere.

"Ima," ndinatero. "Bwerera pang'ono. Icho n'chiyani m'udzumo?"

Pambali pa njira, mapazi ochepa kuchokera pamene panali ng'ombe, munali munthu mu udzu wautali. Ameneyu anatuluka bwinobwino, wathunthu, chifukwa sankayenda. Anali mayi wojintcha, ndowa ya tomato ili pansi, msana ataulozetsa kunjira, mutu ataweramitsa, chitenje atakokera kumaso.

Kaimidwe kameneko ndinali nditakaona mmawa womwewo kuseri kwa nyumba.

*

Ndikanatha kungomugwira Samson pomwepo. Koma anyamata a zibonga anali ake, ndipo anthu amene akhulupirira zamankhwala sungawachotse ndi mawu. Amafuna aone ndi maso. Ndinakwera pa mtondo wogubuduzika n'kuwomba m'manja.

"Tonse tipite kumunda wa thonje. Mukaone mankhwalawo ine ndikuwapanga masana ano, popanda nsupa."

Mudzi wonse unanyamuka, ndi agalu omwe. Amayi anasiya mitondo, abambo anasiya bawo. Simoni ndinam'masula ndekha, Samson akung'ung'udza, ndipo ndinalamula kuti Lole atulutsidwe m'khola. Popita ndinatsalira m'mbuyo n'kufunsa Lydia funso limodzi.

"Amayi anu ali ndi akamwini angati?"

"Awiri. Wina ali ku Kitwe, sanabwere chaka chino."

"Apongozi awo aamuna?"

"Anamwalira ine ndisanabadwe." Anandiyang'ana, misozi ili lengelenge. "Njinga yakapalasa dzulo sinatuluke, a Sajeni. Inali m'chipinda, ataifunditsa masaka."

Titafika dzuwa linali litapendeka ngati dzulo lake. Tabitha anakwera pa chulu, chipewa chachikasu chikuwala, foni ataigwira ndi manja awiri ngati wanyamula mbale yodzaza msuzi. Anthu ndinawaimika kumbuyo kwake. ANankhoma ndinawapempha kuti atenge ndowa yawo n'kukayenda m'kanjira kaja monga amachitira pochoka kudimba. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anasenza ndowayo.

"Simoni, yamba ndiwe. Mutenge Lole, muyende cholowera kummwera, kwanu."

Simoni anagwira chingwe n'kuyamba kuyenda motsimphina. Tabitha anayamba kuzungulira pang'onopang'ono, milomo italumana. Pakati pa njira Simoni anakumana ndi aNankhoma. Mayiwo sanapatuke ndi pang'ono pomwe. Anamuyang'ana kumaso, n'kusisita Lole pamsana podutsana, aliyense n'kupitiriza ulendo wake.

"Yachoka," anatero Tabitha, ndipo anthu anaunjikana mpaka kutsala pang'ono kumugwetsa pachulu.

Lole anali atatalika ngati basi ya ku Lusaka, miyendo yosawerengeka, ndipo Simoni anali ndi mitu iwiri. Kuseka kwake kunamveka mpaka kudambo. Gogo wina wamwamuna anakhala pansi atagwira nthiti. Mnyamata wa petulo uja anaseka kuposa onse, kenako anasiya mwadzidzidzi atakumbukira zimene anatsala pang'ono kuchita.

"Mwaona," ndinatero. "Yopita kummwera imatalika. Ya dzulo inafupika. Tiyeni tione yopita kumpoto."

"Izi n'zachibwana," anatero Samson. "Mfiti yomweyo ndiye yagwira chingwe. Mukuyembekeza chiyani?"

Ndinam'thokoza Mulungu mumtima, chifukwa nsomba inameza yokha mbedza. "Mwanena zoona, wapampando. Ndiye ulendo uno chingwe mugwire ndinu, munthu wopanda mankhwala, kuti pasakhale wokayika."

Anyamata ake anavomereza mokweza. Akanakana bwanji pamaso pawo? Anatsikira kunjira akuyendetsa mapewa, n'kulanda chingwe m'manja mwa Simoni. ANankhoma anali kumapeto a kumpoto, kuseri kwa mkuyu, ndipo ndinawakodola kuti abwerere ndi ndowa yawo.

Tabitha anakweza foni. Samson anayamba kuyenda cholowera kumpoto, Lole pambuyo. Kanjirako n'kopapatiza, udzu mbali zonse, ndipo pali pokhota pamene sungaone amene akubwera. Atayandikira pokhotapo, Samson anaona nsonga ya ndowa pamwamba pa udzu. Sindikhulupirira kuti anaganiza n'komwe. Chizolowezi cha zaka zambiri chinangomutulukira pakhosi, ndipo anatsokomola kawiri.

ANankhoma anapatuka nthawi yomweyo. Analowa mu udzu, anatula ndowa pansi, analozetsa msana kunjira, anaweramitsa mutu n'kukokera chitenje kumaso. Ng'ombe inawadutsa kumbuyo, iwo ali chiimire.

Amayi ena anali atagwira kale pakamwa, chithunzi asanachione.

*

Ndinatenga foni ya Tabitha ndi ya mnyamata wina imene inali ndi chithunzi cha dzulo, n'kuzigwira pamodzi, ina pamwamba ina pansi. Ndinayenda nazo pakati pa anthu ngati wogulitsa mandasi. Pamwamba ng'ombe yofiira ya miyendo iwiri, pansi ng'ombe yakuda ya miyendo iwiri. Pamwamba kamzere ka jombo imodzi, pansi kamzere ka jombo imodzi. Ndipo pa zonse ziwiri, mayi yemweyo mu udzu womwewo, msana kunjira.

"Mudzi uno mumawadziwa aNankhoma kuposa ine," ndinatero. "Simoni atadutsa, anapatuka? M'dziko lonse lino amapatukira ndani?"

Mitu yonse inatembenukira kunjira.

Samson anataya chingwe n'kuliyatsa liwiro kudutsa m'munda, thonje likuuluka m'mbuyo mwake. Munthu wamtali sathamanga bwino m'mizere ya thonje atavala jombo. Anyamata ake omwe aja anam'thamangitsa akukuwa, agalu patsogolo, ndipo anakamugwetsera pafupi ndi mkuyu. Ine ndinathamanganso, osati kukamugwira koma kukamuteteza, chifukwa zibonga sizisankha mutu. Ndinafika ndikupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo, n'kuima pakati.

"Womugunda ndipita naye limodzi. Mwamenya kale munthu mmodzi wosalakwa lero, zakwana."

Anamukhazika pansi, thonje litamatirira kutsitsi ndi kundevu. Mawu aja a pamaliro anali atauma, koma anayesabe.

"Chithunzi si umboni. Nkhope yanga ili pati pamenepo? Apongozi angathe kupatukira njoka, kapena anapita kukadzithandiza. Afunseni ngati anandiona."

Apa anandigwira pakhosi, ndipo iye ankadziwa. Kukhoti kamzere ka jombo imodzi sikangamange munthu, ndiponso mawu a mkazi okhudza njinga angathe kusintha usiku umodzi wokha. Popanda pakamwa pa aNankhoma, Samson akanabwerera kunyumba, Simoni akanakhalabe wakuba m'maso mwa theka la mudzi, ndipo tsiku lina botolo lina la petulo likanapezeka ine kulibe.

Ndinapita kumene anaima mayiwo. Anali akadali mu udzu, msana kwa ife tonse.

"Amayi," ndinalankhula motsitsa, "dzulo munamva chiyani?"

"Ndinamva kutsokomola. Ndinamva ziboda. Ndinati abwereka ng'ombe kukakoka ngolo, monga amachitira. Madzulo ndikumva akulengeza pabwalo kuti anali ku Sinda tsiku lonse. Ndikanati chiyani, mwanawe? Kuti atate a adzukulu anga ndi abodza? Ine maso anga sanaone kanthu. Mwambo unanditseka maso, iwo n'kudutsa ndi ng'ombe yanga kumsana kwanga."

"Ankadziwa kuti simutembenuka."

"Ankadziwa."

"Nanga Simoni akalowe ndende chifukwa cha ulemu wanu?"

Anachotsa chitenje kumaso, anachimanga bwinobwino m'chiuno, ndipo anatembenuka.

Anthu anapatuka okha kuwapatsa njira. Lydia analira kuti "Amayi," koma sanawagwire. ANankhoma anayenda molunjika mpaka pamene anakhala mkamwini wawo, n'kuima pafupi kwambiri moti mthunzi wawo unamuphimba. Samson anatembenuzira nkhope kumbali monga mwa mwambo.

"Samson."

Dzinalo linatuluka mokakamira, ngati chitseko chimene sichinatsegulidwepo. Amayi ena anabisa nkhope zawo.

"Samson, ndiyang'ane. Unali iwe. Chifuwa chako ndimachidziwa kuposa kulira kwa tambala wanga, ndipo ndikanena zomwezi kulikonse kumene a Sajeni anganditengere. Sitima ali kuti?"

Anayesa kuyang'ana kwa anyamata ake, koma onse anali akuyang'ana zala zakumapazi. Anayesa kwa mkazi wake, Lydia n'kutembenuka. Pomaliza anakweza maso kwa apongozi ake, ndipo sanathe kupirira.

"Ali kumsewu wa tala," ananong'ona. "Kuseri kwa butchala ina. Anati amupha mawa mmamawa."

ANankhoma anapitiriza kumuyang'ana, pamphumi, pamphuno, pandevu za thonje zija, mosafulumira, ngati munthu amene akuyesa nsalu pamsika.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikulowa m'minga kukupatsa njira," anatero. "Kani nkhope yake ndi imeneyi."

Anawerama n'kutola chingwe chimene Samson anataya. Chinali chomwe chija anamangira Simoni kumtengo wa mango, magazi ake akadali pamfundo. Anapita nacho kwa Simoni, ndipo mayi amene mudzi wonse umawaopa anagwada pafumbi n'kuchipereka ndi manja awiri.

"Ndinakhala chete iwe ukumenyedwa, mwana wanga. Undikhululukire. Pita ukatenge ng'ombe yathu, sidzalola kubwera ndi wina."

Simoni analandira chingwecho. Samson ndinamuveka unyolo n'kumusiya m'manja mwa akuluakulu a mpingo kufikira galimoto yathu itabwera. Kenako ndinaliza njinga yanga, imene inali itakhuta petulo wa aneba.

"Kwera, Simoni. Ugwiritse, sindiima pa mabampu."

Tikutuluka m'mundamo ndinayang'ana pa kagalasi. Tabitha anali akadali pa chulu, anthu atamuzungulira, aliyense akufuna ajambulidwe ndi mitu iwiri. Ndipo m'kanjira kaja aNankhoma anali atasenzanso ndowa yawo ya tomato, akuyenda pakati penipeni pa njira.